Timiyezi ta Pansi pa Mtengo wa Mango

Ndikukumbukira chisanu cha chaka chimene dzuwa linachita kadamsana masanasana. Ndinali mu Sitandade 5, kamtsikana ka miyendo yotuwa ndi milomo yong'aluka chifukwa cha mphepo ya mu Juni. Tinkakhala m'mudzi wina kuseri kwa Nsaru, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita kwa Kabudula. Pakhomo pathu panali nyumba ya zidina, chigafa cha fodya, nkhokwe, khola la nkhuku ndi mtengo wa mango womwe unali waukulu kuposa zonsezo. M'banja tinalipo anayi: abambo, amayi, ine Dolika ndi mlongo wanga wamng'ono Yohane. Amayi ankati tilipo asanu, chifukwa ankawerengera ndi wailesi ya abambo, yomwe ankaitchula kuti mkazi mnzawo.

Wailesiyo inali yakuda, yothyoka mlongoti, moti m'malo mwake abambo anamangirirapo sipoko ya njinga. Chotsekera mabatire chinatayika kalekale, ndiye ankatsekapo ndi kachikatoni n'kukulunga ndi mphira. Mabatire akafooka ankawayanika padenga la khola kuti akhute dzuwa, ndipo ntchito yowatembenuza inali yanga. Abambo sankasamala kwenikweni za nyimbo, ngakhale ndale. Chimene ankasaka pa wailesi ndi tinthu todabwitsa ta m'dziko muno: za nyama, za nyenyezi, za anthu akalekale, za mpira. Akamva kamodzi kokha ankakasunga m'mutu n'kumadikira woti amuuze. Nkhani zawo zonse zinkayamba mofanana: "Kodi mukudziwa kuti...?" Mapeto ake mudzi wonse unawapatsa dzina loti a Mukudziwa, ndipo akaitanidwa choncho ankavomera ndi nkhope yowala.

Ndi kwa iwo kumene ndinamva kuti njovu, ndi mphamvu zake zonse zija, singathe kudumpha. Ng'ona nayo akuti situlutsa lilime kunja kwa kamwa. Anandiuzanso kuti nyamalikiti, ndi khosi lake lofika kunsonga za mitengo, ili ndi mafupa a m'khosi ochuluka mofanana ndi anga. Tsiku limenelo ndinatandala ndikudzipapasa pakhosi mpaka amayi anafunsa ngati kukhosi kwanga kukuwawa. Yohane anauzidwa kuti kale azungu ankasewera mpira wa chikhodzodzo cha nkhumba, komanso kuti oyimbira mpira oyambirira analibe wezulo, ankangokupiza kampango m'mwamba. Mwanayo anazembetsa mpango wa amayi wopitira kutchalitchi n'kukayimbira nawo mpira wachikulunga kudambo. Anzake sanamumvere, ndipo mpangowo unabwerako utasintha mtundu.

Amayi, Nankhoma, anali munthu wamanja, wosakonda zocheza pamene ntchito ilipo. Zodabwitsa za abambo ankazimvera ndi khutu limodzi, uku akupeta kapena akuswa mtedza. Koma poyankha sankaphonya. Tsiku lina madzulo, udzudzu utayamba kulira m'makutu, abambo anati, "Nankhoma, kodi mukudziwa kuti udzudzu umene umaluma munthu ndi waukazi wokha? Wamphongo suluma ayi."

Amayi sanatukule n'komwe mutu. "Ndiye kuti wamphongowo umangokhala pansi pa mtengo n'kumamvera wailesi, eti?"

Abambo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo yankho limenelo anakalifotokoza okha kumsika wa pa Nsaru, monyadira ngati ndi iwo amene anapambana.

Munthu amene ankawatsutsa poyera anali a Makwinja, tenanti wochokera ku Phalombe amene ankalima fodya pa esiteti ya kutsidya kwa dambo. Lamlungu lililonse masana ankabwera kudzasewera bawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo bawolo silinkatha bwino. Mkangano waukulu unabuka tsiku limene abambo ananena kuti chimanga, mtedza ndi fodya yemwe si mbewu zathu zachikhalire, zinabwera pa zombo kuchokera kutsidya kwa nyanja zamchere. A Makwinja anaimirira, nakhutulira njere za bawo pansi. Anati munthu akhoza kunamizira njovu chifukwa njovu siyankha, koma kunena kuti chimanga ndi mlendo n'kutukwana makolo. Anachoka osatsanzika. Lamlungu lotsatira anabweranso atanyamula nzimbe, n'kuyambira pomwe anasiyira.

Chaka cha kadamsanacho abambo anasintha m'tinthu tina, koma ife ana sitinaganizepo kanthu. Anasiya kukwera njinga, amvekere tcheni chikuvuta, ngakhale Yohane ankaiyendetsa pabwalo bwinobwino. Munthu akamabwera panjira ankadikira kuti ayambe walankhula ndipo amutchule dzina. Nthawi yosankha fodya m'chigafa anandiitana kuti ndizikhala pafupi nawo. Ankagwira tsamba, kulisisita ndi zala, kulinunkhiza, kenako n'kundifunsa, "Ili ukuliona bwanji mtundu wake, mwanawe? Ndikufuna ndione ngati ukuphunzira." Ine ndinkayankha mokondwa, poganiza kuti akundiyesa mayeso. M'chigafamo munali mdima pang'ono ndi fungo lokhakha la fodya wouma limene linkayetsemulitsa, koma ndinkakonda kukhalamo chifukwa ndinkadziona ngati wamkulu.

Mbiri ya kadamsana inabwera ndi wailesi yomweyo. Ulendo uno sanali abambo okha amene anamva. Kusukulu aphunzitsi anatichenjeza kuti aliyense woyang'ana dzuwa tsiku limenelo achita khungu, ndipo kutchalitchi analengezanso. Kuchitsime amayi ena ankati ana asatuluke, ena ankati mayi woyembekezera asaime pabwalo, ena ankati ndi kutha kwa dziko ndithu. Abambo okha ndi amene anali pachikondwerero. Anatenga lalanje, mbatata yozungulira ndi nyali yakoloboyi yosayatsa, n'kutionetsa pamphasa mmene mwezi udzadutsire pakati pa ife ndi dzuwa. Analonjeza kuti kudzada bii ngati usiku, nyenyezi zidzatuluka, nkhuku zidzalowa m'khola. Anati zinthu zotere munthu akhoza kukalamba mpaka kufa osazionapo.

Amayi anangonena mawu amodzi: mwana wawo aliyense tsiku limenelo adzakhala m'nyumba, chitseko chotseka.

Tsikulo linacha ngati masiku ena onse a mu Juni, kozizira, thambo loyera popanda kamtambo. Tinaweruka msanga kusukulu, ndipo ndinapeza amayi akuthothola mtedza pansi pa mtengo wa mango, mulu wa masangwe uli pambali, fumbi lake lili m'tsitsi. Dzuwa litapendeka anasiya ntchito, anatilowetsa m'nyumba, anatchinga zenera ndi chitenje, iwo eni n'kukhala pampando atatsamira chitseko. Yohane anayamba kulira. Ine sindinalire, koma mtima unkandiwawa kwambiri, chifukwa kunja ndinkamva abambo akuyendayenda okhaokha, wailesi ili kukhwapa.

Kenako anafika pachitseko n'kugogoda ngati mlendo.

"Odi kuno, Nankhoma."

"Kulibe anthu."

"Tamverani. Ana sayang'ana kumwamba, ndikulonjeza. Pa wailesi anena kuti munthu akaima pansi pa mtengo wa masamba ambiri n'kuyang'ana pansi, aona zonse padothi pomwepo. Pansi, Nankhoma, osati kumwamba."

"Dzuwa lili kumwamba, inu mukuti tikalione m'dothi?"

"Ndi zomwe anena. Chonde, mphindi zochepa zokha. Akayang'ana kumwamba, wailesiyi mukaiponye m'chitsime."

Ndikhulupirira kuti ndi mawu omalizawo amene anatsekula chitseko. Koma amayi sanatitulutse chisawawa. Ine anandivundikira lichero kumutu n'kundiuza kuti ndiligwire ndi manja onse awiri. Yohane anamugwira pankhongo n'kumuweramitsa ngati mbuzi yopita kumsika. Tinayenda choncho mpaka pansi pa mtengo, maso ali kumapazi.

Kunja kunali kutasintha kale. Sikunali mdima, komanso sikunali masana amene tinkawadziwa. Kuwala kunali kofooka, kotuwa, ngati dziko ladwala. Mphepo inazizira mwadzidzidzi mpaka tsemwe kugwira m'mikono. Mbalame zomwe zinkasokosera mumtengo zinakhala chete, ndipo nkhuku zathu zinaunjikana pakhomo la khola, makosi ali m'mwamba, zosadziwa ngati zilowe kapena ayi. Kumudzi kwa anzathu galu ankalira motalikitsa. Ndinamva amayi akunong'ona pemphero.

Ndiye ndinayang'anitsitsa pansi. Masiku onse pansi pa mtengowo pankakhala timadontho tozungulira ta kuwala kodutsa m'masamba, toti munthu sangatisamale n'komwe. Tsiku limenelo timadontho tonse tinali titasanduka timiyezi, topindika ngati mwezi watsopano. Tinali tambirimbiri, padothi, pamphasa, pamulu wa mtedza, pamapazi anga otuwa aja. Ngakhale kuwala kodutsa m'timipata ta lichero la kumutu kwanga kunagwetsa timiyezi tina pachitenje cha amayi. Yohane anasiya kulira n'kuyamba kutitola, koma akati agwire kamodzi kankakwera pamwamba pa dzanja lake.

"Ababa, ndi zoona!" ndinakuwa. "Taonani, miyezi!"

Abambo anagwada msangamsanga, wailesi n'kuiika pansi. Anaweramitsa nkhope kufupi ndi dothi, koma pamalo pamene anagwadapo panali mthunzi wa thunthu, popanda kamwezi ngakhale kamodzi. Anapapasa dothi ndi chikhatho.

"Ili pati, mwanawe?"

Ndinaloza ndi chala patsogolo pawo pomwepo. Anatembenukira kumene kunachokera mawu anga, osati kumene ndinkaloza. Anatsinzina, anaphethiraphethira, anapukuta m'maso ndi malaya, n'kuyang'ananso. Kenako anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene sakufuna kukhumudwitsa mwana, n'kunena kuti, "Eya, eya, ndaiona. Yokongola bwanji."

Ine ndinali mwana, ndinakhulupirira. Koma amayi anali atasiya kupemphera. Anamutaya Yohane pankhongo paja, osakumbukanso zoti angayang'ane kumwamba, n'kuima chilili akuwayang'ana abambo. Kenako anagwada pambali pawo, mawondo ali m'makoko a mtedza, anawagwira dzanja n'kuliika pamene panagwa kuwala.

"Ili apa, bambo a Dolika," anatero motsitsa mawu. "Ndi miyezi ing'onoing'ono, ngati zikhadabo za khanda. Yonse yapenya mbali imodzi, cha ku chigafa uko. Ili ponseponse, pamtedza, pamphasa. Wina uli pachala chanu chachikuluchi. Iwiri ili paphewa panu. Mphepo ikawomba masamba, yonse ikunjenjemera pamodzi ngati nsomba m'madzi osaya. Tsopano ikuonda. Yatsala ngati ulusi."

Sindinamvepo amayi akulankhula motalika choncho za chinthu chosadyedwa, chosagulitsidwa. Abambo ankangogwedeza mutu, pakamwa pali yasa, ngati mmene ife tinkachitira iwo akamatiuza za njovu. Anafunsa ngati nyenyezi zatuluka. Amayi anati sayang'ana kumwamba, ndipo mdima umene abambo ankalonjeza uja sunafike, kwangochita ngati kukubwera mvula. Abambo anati basi ndiye kuti mdima weniweniwo wapita kwa anzathu a ku Zambia. Pang'ono ndi pang'ono timiyezi tinayamba kunenepanso, mphepo inafunda, tambala wathu analira ngati kukucha, ndipo nkhuku zinabalalika mochita manyazi.

Amayi sanadzuke pomwepo. Anatiuza kuti tipite tikatunge madzi, koma ine ndinangozungulira kuseri kwa nkhokwe, kumene mawu ankamveka bwino.

"Zinayamba liti?" anafunsa amayi.

"Dzinja lathali. Zimangokhala ngati ndaima mu utsi. Usana ndi umene umavuta kwambiri."

"Ndiye chifukwa chake njinga ija inadwala tcheni. Ndiye chifukwa chake mwana akusankha fodya."

Kenako amayi anapitiriza.

"Mwatiuza za njovu, za ng'ona, za udzudzu. Mwakangana ndi a Makwinja chifukwa cha chimanga cha anthu akutsidya. Koma za maso anu omwe, zii?"

"Ndimaopa, Nankhoma. Mlimi wa fodya wopanda maso ndi ndani?"

Sindinamvenso china. Nditasuzumira ndinaona amayi akuchotsa makoko a mtedza pamawondo a thalauza la abambo, limodzilimodzi, mosafulumira.

Sabata yomweyo amayi anapukuta njinga ija, anaipopa, anamanga chitenje m'chiuno n'kuwakweza abambo pakaliyala. Anthu a m'mudzi anatuluka kudzaonerera mkazi akupalasa, mwamuna ali kumbuyo atagwira chipewa. Achinyamata a pagolosale anaimba mluzu, abambo n'kumawabayibitsa ngati mtsogoleri wa dziko. Kuchipatala cha kwa Kabudula anawaunika n'kunena kuti ndi ng'ala, matenda ochizika, koma afunika kupita kuchipatala cha maso ku tauni kuti akaichotse.

Apa ndi pamene tinaona kuti a Mukudziwa nawo anali munthu ngati ena onse. A Makwinja anabwera kudzawazonda ndipo anawauza, mowafunira zabwino, kuti kumeneko amachotsa diso lonse n'kuliika m'mbale, ndipo likagwa pansi amaikamo la mbuzi. Kwa nthawi yoyamba chidziwanirane, abambo anakhulupirira mawu a a Makwinja osatsutsa ngakhale pang'ono. Anayamba kupeza zifukwa. Mtedza sunaume, chigafa chikufuna kukonza, mwezi uno kukuzizira. Amayi anawamvera mpaka zifukwa zitatha, kenako anachapa malaya awo oyera, anawasita ndi simbi yamakala, anatisiya ife kwa azakhali n'kuwatenga abambo padzanja mpaka pa siteji ya minibasi pa Nsaru.

Anabwerako patapita masiku angapo, abambo atavala magalasi akuda ngati woyimba. Diso limodzi linatsekuka bwino lomwe, linalo linachira pang'ono chabe, koma limodzilo linakwanira. Zimene zinachitika m'chipatalamo tinazimva kwa amayi, amene ankazifotokoza modzikwiyitsa kwa aliyense wobwera kudzaona wodwala. Akuti namwino atachotsa bandeji, abambo anayang'ana zenera, anayang'ana manja awo, kenako anawayang'anitsitsa amayi kwa nthawi yaitali. Amayi ankadikira mawu othokoza. M'malo mwake abambo anati, "Nankhoma, imvi izi zabwera liti?" Amayi akuti anayankha kuti zabwera ndi inu nomwe, ndipo odwala onse m'chipindamo anaseka, ngakhale amene anali asanachotsedwe mabandeji. Chaka chotsatira abambo anasankha okha fodya wawo, ine ndili pambali ndikungomanga timitolo. Njinga nayo tcheni chake chinachira.

Papita zaka zambiri tsopano. Pa Nsaru pali magetsi ndi nsanja za mafoni, ndipo ine ndili ndi banja langa ku Kasiya, kumene ndimaphunzitsa ana a pulayimale. Ana anga akafuna kudziwa chinthu safunikira kudikira aliyense. Amangodina foni, yankho n'kubwera asanamalize n'komwe kudabwa, kenako amapita pa china. Sindikunena kuti n'zoipa, ine ndemwe ndimaigwiritsa ntchito pokonzekera maphunziro. Kungoti masiku ano sindimvanso anthu akuluakulu awiri akukangana masana onse chifukwa cha chinthu chopanda phindu lililonse kwa iwo, kapena mwana akuthamanga kuchokera kumunda kuti akauze mnzake zimene wangomva. Zodabwitsa zachuluka, koma aliyense amadabwa yekha, mutu uli pansi, kwa kanthawi kochepa.

Amayi anatisiya zaka zingapo zapitazo, atadwala kanthawi kochepa. Abambo alipo, akalamba, amayenda ndi ndodo, ndipo fodya anasiya kulima. Tchuthi chapitachi ndinapita kukawaona ndi ana. Mwana wanga wamkazi, amene ali mu Sitandade 6, anawaonetsa kanema wa kadamsana pafoni, wa kudziko lina, dzuwa litada bii, mkombero woyera utalizungulira. Abambo anaibweretsa foniyo kufupi ndi diso lawo labwino lija, anaonera mpaka kumapeto, n'kuibweza.

"N'zabwino," anatero. "Koma wathu uja anaposa. Inali miyezi ing'onoing'ono, ngati zikhadabo za khanda, yonse itapenya mbali imodzi. Ina inali paphewa pangapa. Mphepo ikawomba inkanjenjemera ngati nsomba."

Mwanayo, amene anamvapo kwa ine kuti nthawi imeneyo agogo ake sankaona, anandiyang'ana kaye, kenako anafunsa mwaulemu, "Koma agogo, munaona ndi maso anu?"

Abambo anasisita mutu wa ndodo yawo.

"Anandionera agogo anu aakazi," anatero. "Ankaona bwino kwambiri mayi ameneuja."